Nsagwada ya ku Uraha ndi Zaka Zake

M'chaka cha 1991, pa Uraha, kufupi ndi Chilumba m'boma la Karonga, gulu lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage lidafukula nsagwada ya munthu wamakedzana. Akatswiri adati nsagwadayo ili ndi zaka za pakati pa 2.3 ndi 2.5 miliyoni. Omvera ambiri angafunse kuti: nanga fupa lopanda kalata ya kubadwa, zaka zake adazidziŵa bwanji?

Yankho liyambira pa dzala. Mayi aliyense adziŵa kuti phulusa la dzana limakhala pansi pa phulusa la dzulo. Chimodzimodzinso m'nyanja ndi m'madambo. Madzi amabweretsa mchenga ndi matope, nkuziyala pang'onopang'ono ngati mphasa zosanjikizana, ndipo pakapita nthaŵi yaitali miyaloyo imauma nkusanduka miyala. Nicolas Steno ndiye adalongosola m'chaka cha 1669 kuti ngati nthaka sidatembenuzike, muyalo wapansi ndiwo wakale kuposa wapamwamba. Koma lamuloli limangonena wamkulu ndi wamng'ono, osatchula chiŵerengero cha zaka.

Kupima mchenga wa m'muyalomo sikuthandiza, pakuti mchengawo udagumuka ku mapiri omwe adalipo kale muyalowo usanayalidwe. Njira ya carbon-14, imene ambiri adaimvapo, nayonso ili ndi malire: silondola bwino zinthu zopitirira zaka 50,000.

Chothandiza kwambiri ndi phulusa la mapiri ophulika moto. M'phulusalo muli timiyala tokhala ndi potaziyamu wa mtundu wina amene amasinthika yekha pa liŵiro losasintha. Theka lake limasinthika pa zaka pafupifupi 1,250 miliyoni, ndipo gawo lina limasanduka mpweya wotchedwa argon. Phiri likamaphulika, kutentha kumathamangitsa argon yense wakale, kotero kuŵerenga kumayambira pa tsiku lomwelo. Akatswiri akapima argon amene waunjikana m'timiyalato, amadziŵa pamene phulusalo lidagwa. Fupa likapezeka pakati pa miyalo iŵiri ya phulusa, zaka zake zili pakati pa zaka za miyalo iŵiriyo.

Vuto la ku Uraha lidali lakuti m'miyalo ya Chiwondo, momwe mudali nsagwadayo, mudalibe phulusa loyenera kupimidwa. Apa mpamene nguluŵe zidathandiza. Kale lomwe William Smith, amene adasindikiza mapu a miyala ya ku England m'chaka cha 1815, adaona kuti muyalo uliwonse uli ndi zotsalira za zamoyo zakezake. Mano a nguluŵe zamakedzana ankasintha m'mibadwomibadwo, nkumatalika pamene nyamazo zinkazoloŵera kudya udzu. Ku chigwa cha Omo ku Ethiopia ndi ku Koobi Fora ku Kenya, mano otereŵa ali pakati pa miyalo ya phulusa yomwe zaka zake zidapimidwa kale. Choncho akatswiri adayerekeza mano a nguluŵe ndi mafupa a nyama zina za ku Uraha ndi za kumeneko, ndipo zaka za nsagwadayo zidadziŵika.

Tsono phunziro lake nali. Fupa pa lokha silinena zambiri. Mboni yake ndi muyalo umene lagonamo pamodzi ndi mafupa oyandikana nalo. Munthu akalizula nkupita nalo kunyumba, umboni umene udasungika kwa zaka mamiliyoni umatayika tsiku limodzi, ndipo palibe katswiri angaubwezere. Mlimi kapena mbusa akaona fupa lolemera ngati mwala litatulukira m'chigwembe mvula itakokolola nthaka, alisiye pomwepo, aike chizindikiro, ndipo akadziŵitse a mfumu ndi a boma oyang'anira zinthu zamakedzana. Ku Karonga kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale, yomwe idatsegulidwa m'chaka cha 2004, kumene nkhani yotere amailandira ndi manja aŵiri.