Chilwa Ikaphwa: Miyeso ya Akatswiri ndi Chikumbukiro cha Makolo



Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe imathira m'menemo, koma madziwo amatha ndi dzuwa. Popeza ndi yosazama, mvula ikaperewera zaka zotsatizana imaphwa, monga zidachitikira mu 1968, mu 1995 ndiponso mu 2018.

Kuphwa kwa 1968 kudapeza akatswiri a Yunivesite ya Malawi, motsogozedwa ndi mayi Margaret Kalk, ali pakati pa kafukufuku wa zaka zambiri. Adaona nyanja ikuuma, adaionanso ikudzaza. Adapeza kuti matemba, makumba ndi milamba sizitheratu: zimabisala m'madziwe a mitsinje ndi m'madambo, ndipo zotsalazo ndizo mbewu ya nsomba madzi akabwerera. Akadangofufuza chaka chimodzi, akadalengeza kuti nyanja yafa.

Koma mbewuyo ili m'manja mwa anthu. Chipangizo choyezera madzi sichinganene ngati banja lanjala lidzasiya dziwe losakokamo ukonde. Sichidziwa chifukwa chimene msodzi wina amasamukira ku Chiuta kapena ku Malombe pamene mnzake amayamba kulima kapena kutchera mbalame. Sichiwerenga za mayi wogulitsa matemba amene ana ake asiya sukulu. Izi zimadziwika pokhala pansi ndi eni dera, ndipo ndiyo ntchito ya ofufuza za chikhalidwe ndi mbiri ya anthu. Nyanja itaphwa mu 1995, mafumu ndi makomiti a m'midzi adathandiza kulondera madziwe. Nzeru ya akatswiri idagwira ntchito chifukwa idapeza mawu a mfumu omveka pabwalo.

Tsono pempho langa nali. Agogo a pa chilumba cha Chisi ndi a m'mbali mwa nyanja akukumbukira kumene madzi ankalekeza, chakudya chimene chidawapulumutsa, ndi malamulo amene ankasunga nsomba. Mawu a akulu akoma akagonera, koma akagona m'manda osalembedwa atayika. Tiyeni bungwe lathu litume achinyamata akawalembe, ndipo akatswiri akabwera tiwalandire ngati anzathu pa ntchito. Iwo abwere ndi miyeso yawo, ife tibwere ndi chikumbukiro chathu, kuti Chilwa ikadzaphwanso ana athu adzadziwe chochita.