Malipiro a Labani

Kuwerenga kwa Mawu: Genesis 31:4-9, 38-42

 Lero ndikulankhula makamaka kwa inu abale athu a ku Pretoria, amene mumasamalira kapinga ndi nyumba za eni ku Lynnwood, ndiponso kwa ana athu a pa yunivesite amene mumayenda mu Lynnwood Road tsiku ndi tsiku. Ena mwa inu mumatchova juga ya makhadi yotchedwa poker pa foni, ndipo dandaulo la otchova jugawa n'lodziwika: akuti eni masewera amachepetsa mphotho za makasitomala okhulupirika, pomwe gawo limene amadula silichepa. Dandauloli n'loona, ndipo n'lakale.

Yakobo anatumikira Labani zaka 20. Zaka 14 anagwirira ntchito ana aakazi awiri, zaka 6 anagwirira ziweto, ndipo m'nthawi imeneyi malipiro ake anasinthidwa kakhumi. Yakobo sanali waulesi. Vuto linali lakuti pangano lonse linali m'manja mwa apongozi akewo, ndipo mwini pangano ankalisintha nthawi iliyonse akaona kuti mkamwini wayamba kupindula.

Taonani mmene poker imayendera. Osewera amalimbana okhaokha, mwini tebulo sasewera nawo. Iye amangotapa gawo pa ndalama zimene zaikidwa pakati, kawirikawiri pafupifupi 5 pa 100 iliyonse. Tiyerekeze kuti anthu 6 akhala pansi, aliyense ndi R500. Ngati pa dzanja lililonse pakati pali R100, mwini atenga R5. Pa intaneti makhadi amagawidwa mofulumira. Manja 60 pa ola ndiye kuti R300 yachoka patebulo. Akasewera maola 10, R3,000 yonse imene anabwera nayo yapita kwa munthu amene sanagwire khadi ngakhale limodzi. Mapointi ndi mphotho zija ndi kachigawo ka ndalama zanu zomwezo, kobwezedwa kuti musanyamuke pampando.

Mu Novembala 2015 kampani ya PokerStars inalengeza kuti kuyambira 2016 ichepetsa kwambiri mphotho za gulu lake lapamwamba la Supernova Elite. Kuti munthu afike pagulu limeneli ankayenera kusonkhanitsa mapointi 1,000,000 m'chaka chimodzi, ndiye ganizirani tulo timene anthuwo anataya. Osewera ambiri ananyanyala masiku atatu mu Disembala 2015, koma kampaniyo sinabweze mawu ake. Mu 2017 inabweretsa mabokosi a mphotho amene munthu sadziwa zam'kati mpaka atatsegula. Mphotho yeniyeniyo inasanduka juga.

Kwa inu a ku Pretoria pali china cholemera. Mu Ogasiti 2010 khoti lalikulu la North Gauteng, lomwe lili mumzinda wanu womwewo, linagamula pa mlandu wa kasino ya Piggs Peak ya ku Swaziland, dziko limene tsopano ndi Eswatini, kuti juga yotere ya pa intaneti ndi yosaloledwa mu South Africa. Khoti la apilo linatsimikiza chigamulochi mu 2011. Lamulo la juga la 2004 limalola boma kulanda zimene munthu wapambana m'njira yosaloledwa. Tsono kampani ya kunja ikakana kukulipirani, mukadandaula kuti? Ndipo inu mlendo, amene chiphaso chanu chokhalira m'dzikomo muyenera kuchisamala ngati dzira, mungapite kupolisi kukanena kuti mwaberedwa pochita zoletsedwa?

Yakobo sanapemphe pangano la nambala 11. Mulungu atamuuza kuti abwerere kwawo, anasonkhanitsa banja lake nanyamuka. Iye anachoka ndi chuma chifukwa Mulungu anaona thukuta lake pa ntchito yoweta, yomwe inali ntchito yoona. Patebulo la juga palibe nkhosa imene imaswa. Zimene mwapambana zachoka m'thumba la mnzanu, mwina nayenso ali ndi mayi kumudzi amene akudikira ndalama ya feteleza.

Mbale wanga, mlongo wanga, musadikire kuti mapointi akwane kaye. Fufutani masewerawo mufoni usiku uno. Uzani akazi anu kapena amuna anu chiwerengero chenicheni cha zimene zatayika, ndipo mukakhale pansi ndi abusa kapena mkulu wa mpingo. Bungwe la South African Responsible Gambling Foundation limapereka uphungu waulere pa nambala 0800 006 008. Tiyeni tiweramitse mitu, tipemphere.