Tchuthi ndi Malipiro a Wodwala pa Yunivesite



Anthu ambiri akamva dzina lakuti yunivesite amaganiza za aphunzitsi obvala mikanjo yaukachenjede ndi ana asukulu olandira madigiri. Amaiŵala kuti mphunzitsi asanaloŵe m'chipinda chophunzirira, munthu wina amayamba wasesamo kum'bandakucha. Kuti wina amachezera pachipata usiku wonse, chibonga chili m'manja. Ndiponso kuti wina amakhala ku labotale akutsuka mabotolo a mankhwala amene fungo lake lokha limatsamwitsa. Onseŵa ndi antchito a yunivesite, ndipo onseŵa ali ndi thupi limene limatopa ndi kudwala. Funso limene lili pamaso pa msonkhano uno ndi lakuti: kodi mmodzi wa iwo akagona pamphasa, adya chiyani iye ndi ana ake?

Yunivesite ya Malaŵi inakhazikitsidwa m'chaka cha 1964 ndipo inayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, Chancellor College isanasamukire ku Zomba mu 1973. Kwa zaka zoposa makumi atatu inali yokhayo m'dziko muno. Yunivesite ya Mzuzu inatsegulidwa mu 1999, ya zaulimi ku Bunda inaima payokha mu 2012, ya sayansi ku Thyolo inayamba mu 2014, ndipo mu 2021 Polytechnic inasanduka MUBAS pamene College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana n'kukhala KUHeS. Powonjezera apo pali mayunivesite a mipingo ndi a anthu wamba. Iliyonse ili ndi khonsolo yakeyake ndi buku lakelake la malamulo a kagwiridwe ka ntchito. Koma mabuku onsewo ali pansi pa lamulo limodzi, lamulo la za ntchito limene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa m'chaka cha 2000, lotchedwa Employment Act. Lamuloli limagwira pa makampani ndi pa Boma lomwe, kupatula asilikali, apolisi ndi a zandende, kotero kuti zimene likunena za mlonda wa pa yunivesite likunenanso za mesenjala wa ku Capital Hill.

Pa nkhani ya tchuthi cha pachaka lamuloli silizungulira. Wogwira ntchito masiku asanu ndi limodzi pa sabata ayenera kupuma masiku a ntchito osachepera 18 pa chaka, akulandira malipiro ake onse. Wogwira masiku asanu pa sabata ayenera kupuma masiku osachepera 15. Liu lofunika kuligwiritsa pamenepa ndi lakuti "osachepera". Lamulo laika maziko. Khonsolo ya yunivesite ili ndi ufulu womanga pamwamba pa mazikowo, ndipo n'koyenera kuti itero ngati ifuna kusunga anthu ake ophunzira, koma ilibe ufulu wokumba pansi pake.

Pali bodza limene lafala ngakhale pakati pa anthu ozindikira, lakuti mphunzitsi wa pa yunivesite safunika tchuthi popeza ana asukulu akatsekera, iyenso watsekera. Amene amanena zimenezi sanaonepo mulu wa mapepala a mayeso. Ana akakwera mabasi kupita kwao, mphunzitsi ndiye amayamba kuchonga. Akatha apo pali misonkhano yobvomereza zotsatira, pali ophunzira a madigiri apamwamba oyembekeza kuti aŵaŵerengere zolemba zao, pali kafukufuku amene popanda iye munthu sakwezedwa pa udindo. Sukulu zitatsekedwa pa 23 March 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, kalendala ya maphunziro inasokonezeka, ndipo pofuna kubweza nthaŵi yotayikayo materemu anathithikana. Munthu wotere amadzipeza watha zaka ziŵiri kapena zitatu osapuma, masiku ake akungounjikana m'faelo. Cholinga cha lamulo n'chakuti tchuthi chitengedwe pasanathe miyezi isanu ndi umodzi chikwanireni, ndipo kuchisunga kuchitike pokhapokha bwana ndi wantchito atagwirizana. Mkulu wa dipatimenti amene amanyadira kuti anthu ake sapita ku tchuthi akukonzera sukulu yake ngongole, pakuti masikuwo adzafunika kulipiridwa ntchito ikadzatha; ndipo akukonzeranso mwana wa mlimi tsoka, pakuti pepala lake la mayeso lidzachongedwa ndi maso ofiira ndi tulo.

Koma pamene pali mtima wa nkhani ndi pa matenda. Lamulo likuti munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 mosadukiza akadwala, ali ndi ufulu wokhala kunyumba masabata osachepera anayi akulandira malipiro onse, ndi masabata ena asanu ndi atatu akulandira theka la malipiro, chaka chilichonse, malinga aonetse chikalata chochokera kwa dokotala wobvomerezeka. Onse pamodzi ndi masabata 12. Kwa wodwala malungo, amene mankhwala ake a LA amamwa masiku atatu, nthaŵi imeneyi ndi yochuluka. Kwa wodwala chifuŵa chachikulu nkhani ndi ina. Mankhwala a nthendayi amamwedwa miyezi isanu ndi umodzi, miyezi iŵiri yoyambayo ndiyo yolemetsa kwambiri, ndipo ngakhale ambiri amapeza mphamvu zobwerera kuntchito asanatsirize mankhwala, ena amachedwa. Nanga amene wathyoka ntchafu pa ngozi ya minibasi, kapena amene wafa ziŵalo chifukwa cha kuthamanga kwa magazi? Masabata anayi amatha munthu asanaphunzire n'komwe kuyenda ndi ndodo.

Theka la malipiro limamveka ngati chifundo kwa munthu wa malipiro aakulu. Kwa wosesa, amene malipiro ake athunthu safika n'komwe pakutha pa mwezi, theka ndi njala. Mwininyumba sadula lendi pakati chifukwa chakuti wokhalamo wadwala, ndipo thumba la chimanga silitsika mtengo. Tsono munthu amachita masamu ake chamumtima: akanena kuti akutsokomola magazi adzauzidwa kuti akhale kunyumba, ndipo mwezi wachiŵiri adzalandira theka. Amasankha kukhala chete. Amabwera m'maŵa uliwonse kudzasesa m'zipinda zogona ophunzira, kapena kudzagaŵa nsima ku kafeteriya, akupuma mpweya umodzi ndi achinyamata mazanamazana. Ndalama imene ofesi ya zachuma inaganiza kuti yapulumutsa imadzatuluka pakhomo lina itabereka ana. N'chifukwa chake khonsolo yanzeru, polemba buku lake, imatalikitsa nthaŵi ya malipiro athunthu kwa odwala matenda okhalitsa, ndipo imatero kwa onse mofanana, osati kwa aphunzitsi okha. Chaona mnzako chapita, maŵa chili kwa iwe. Chifuŵa sichifunsa digiri.

Mpata wina uli pa miyezi 12 ija. Masiku ano mabungwe ambiri, ndi mayunivesite omwe, anapereka ntchito ya ulonda, yosesa ndi yophika kwa makampani apadera, ndipo palinso aphunzitsi olembedwa kwa teremu imodzi yokha amene amalipidwa poŵerengera maola. Munthu akhoza kukalamba pachipata chimodzimodzicho koma pamapepala n'kumaoneka mlendo chaka ndi chaka, chifukwa mgwirizano wake umatha usanakwane chaka ndipo amaulemba mwatsopano. Aphungu anaiona nkhani imeneyi pasadakhale. Lamulo lomwelo likuti ngati mgwirizano wa nthaŵi yochepa ukugwiritsidwa ntchito podzaza malo a ntchito yokhazikika, imene bungwe limaifuna masiku onse, mgwirizanowo uyenera kutengedwa ngati wopanda malire a nthaŵi. Kusesa sikudzatha pa yunivesite, ulondanso sudzatha. Ndipo ngakhale bwana weniweni wa mlondayo ndi kampani, yunivesite imene ikulipira kampaniyo ndi ndalama za misonkho ili ndi mphamvu yofunsa, isanasaine mgwirizano, kuti ione buku la tchuthi la antchitowo. Kampani imene yapambana chifukwa chotchipa kaŵirikaŵiri imakhala itatchipira pamsana pa wodwala.

Zinthu ziŵiri n'zofunika kuzisiyanitsa ndi tchuthi cha matenda. Choyamba, kujomba kwa kanthaŵi chifukwa cha matenda kapena kubvulala si chifukwa chobvomerezeka chochotsera munthu ntchito. Lamulo linaletsa zimenezo poyera. Chachiŵiri, amene wabvulala ali pantchito, monga wa ku labotale amene asidi wamuthira m'maso, ali ndi lamulo lake lapadera la chipukutamisozi, la m'chaka chomwecho cha 2000, ndipo bwana asamunyengerere ndi masabata anayi aja ngati kuti nkhani yathera pomwepo.

Za amayi oyembekezera n'zodziŵika: masabata osachepera asanu ndi atatu ndi malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, ndipo malo ao a ntchito aŵadikire. Chimene abwana ena sanachimvebe n'chakuti lamulo linakonzedwanso mu 2021, ndipo tsopano bambo amene mkazi wake wachira ali ndi masabata aŵiri olipidwa, nayenso kamodzi pa zaka zitatu, pamene mayi wobwerera kuntchito amapatsidwa theka la ola kaŵiri pa tsiku kuti akayamwitse. Anthu ena anaseka atamva za tchuthi cha abambo. Amene anaonapo mayi wochitidwa opaleshoni akuyesa kudzuka yekha kuti akatunge madzi sanaseke nao.

Pali mbali imodzi imene lamulo silinaitchule, koma imene Mmalaŵi aliyense amaidziŵa: kudwazika ndi maliro. M'zipatala za dziko lino wodwala sagona yekha. Pamafunika mbale womusambitsa, womuphikira phala, wothamangira kukaitana namwino usiku. Kalaliki amene mwana wake wagonekedwa ku Queen Elizabeth kapena ku Zomba Central sadwala iye mwini, kotero dokotala sangamulembere chikalata. Komanso sangakhale pa desiki. Buku la malamulo likakhala chete pa nkhani imeneyi, chilolezo chimadalira nkhope ya bwana tsiku limenelo, ndipo amene amadyera naye limodzi amapatsidwa sabata pamene wina amadulidwa malipiro. N'kwabwino kulemba masiku oŵerengeka, odziŵika kwa onse, kusiyana ndi kusiya nkhani yotere m'manja mwa kukondera.

Kunena zoona, si abwana okha amene amalakwa. Pali antchito amene amagula chikalata cha dokotala kuti akakolole chimanga kapena akaphunzitse pa sukulu ina mobisa. Palinso ena amene amapatsidwa tchuthi chokachita maphunziro apamwamba kunja, malipiro akuloŵa mwezi ndi mwezi, atasaina kuti adzabwerera kudzatumikira zaka zakutizakuti, koma akalandira digiri amangotumiza kalata yotsazika. Munthu wotere waba kaŵiri: waba ndalama za anthu osauka amene anamuphunzitsa, ndipo wabera mnzake wodwaladi chikhulupiriro cha bwana, pakuti amene adzabwere maŵa ndi chikalata chenicheni adzayang'anidwa ndi diso lokayika. Mwambo ufunika mbali zonse ziŵiri. Ufunikanso kwa kalaliki wosunga mafaelo, amene chikalata cha dokotala chimadzera m'manja mwake: zimene waŵerengamo si nkhani yokacheza nayo pa tiyi, ndipo anthu ambiri amabisa matenda ao poopa pakamwa pa munthu mmodzi ameneyu kuposa mmene amaopera theka la malipiro.

Wantchito amene wamanidwa tchuthi chake kapena malipiro a nthaŵi ya matenda ayambe wafunsa ku ofesi ya mlembi wamkulu wa yunivesite, polemba kalata ndi kusunga ina yofanana nayo, ndipo ngati ali m'bungwe la antchito apite ndi mtsogoleri wake. Zikakanika pamenepo, pali mkulu woona za ntchito wa m'boma lake, ndipo pamwamba pake pali bwalo la milandu ya za ntchito, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 1996. Amene wachotsedwa ntchito ali kudwala asadikire kuti ayambe wachira bwinobwino, pakuti nthaŵi yokadandaula kwa mkulu woona za ntchito ndi miyezi itatu kuchokera tsiku limene anachotsedwa.