Kulonjera Amfumu pa Tsiku la Chikondwerero Chathu



Pa chikondwerero cha zaka 50 za mpingo wathu, mlendo wolemekezeka ndi Amfumu a dera lino. Akulu a mpingo andipempha kuti ndilankhulepo za kalonjeredwe kawo, chifukwa pa msonkhano wa achinyamata mwezi watha panali kutsutsana. Ena anati Mkhristu sagwadira munthu. Ena anangofunsa ngati adzaloledwa kujambulitsa nawo pa foni. Mafunso onse awiri ndi oyenera kuyankhidwa.

Ndiyambe ndi manyazi anga. Nditangotumizidwa ku mpingo wanga woyamba, ndinapita kukadzionetsa kwa mfumu ya kumeneko. Ndinali nditavala jekete yatsopano, Baibulo m'khwapa. Ndinangolowa pabwalo n'kulunjika pamene anakhala, dzanja lili patsogolo. Nduna ina yokalamba inandikoka jekete kumbuyo n'kundinong'oneza kuti, "Abusa, tsikani." Amfumu anaseka, nkhani inatha bwino, koma pamudzi ponse anandidziwa kuti ndine m'busa wosalangizidwa. Zinanditengera nthawi kuti amuna a m'mudzimo ayambe kumva ulaliki wanga.

Tsono za kugwada. Werengani Genesis 23. Sara atamwalira, Abrahamu anafuna malo a manda, ndipo anawerama pamaso pa ana a Heti, eni dziko, anthu osapembedza Mulungu wake. Mneneri Natani polowa kwa Davide anawerama mpaka pansi, pa 1 Mafumu 1, komatu ndi Natani yemweyo amene anadzudzula Davide pa nkhani ya Uriya. Kugwada sikunamutseke pakamwa. Chimene Sadrake, Mesake ndi Abedinego anakana ku Babulo chinali fano, ndipo chimene Petro analetsa Korneliyo chinali kumupembedza. Malire ali pamenepo. Bondo lingapite pansi chifukwa cha ulemu, koma pemphero ndi nsembe ndi za Mulungu yekha. Mukandifunsa za kuthira nsembe kwa mizimu kapena za kudambwe, yankho langa mukulidziwa kale. Kulonjera mfumu si zimenezo.

Komanso tisaiwale pamene takhala. Chalichi ichi chili pa nthaka ya mwambo. Makolo athu amene anayamba kupemphera pansi pa mtengo sanagule malo ano, anachita kupempha kwa mfumu. Ngakhale lero, pansi pa lamulo la nthaka la 1995, munthu sangatenge taitolo pa nthaka ya mwambo popanda chilolezo cha mfumu. Sukulu imene tikuilota ija idzadutsira pakhomo lomwelo.

Pa tsikulo tidzachita motere. Galimoto ikafika, palibe wothamangira kukatsegula chitseko. Imeneyo ndi ntchito ya kapaso. Azibambo, zipewa pansi, ndipo njutani. Amayi, chitenje m'chiuno, gwadani. Tiombe m'manja pamodzi, manja opindika pang'ono kuti mawu ake amveke ozama, osati kuomba kwa ku mpira. Musatambasule dzanja. Iwo akatambasula lawo, landirani ndi manja awiri. Dzina lawo lobadwa nalo lisatuluke pakamwa panu, ngakhale munaphunzira nawo kalasi limodzi. Ndi Amfumu basi. Ulemu umapita ku mpando, n'chifukwa chake nkhalamba ya imvi imanjuta pamaso pa mfumu yachinyamata, ndipo amuna amaombera m'manja mafumu aakazi monga a Nyanje ndi a Kawaza.

Mawu ndi mphatso zimadzera kwa nduna. Mbuzi imene amayi a chigwirizano akonza idzaperekedwa m'manja mwa nduna, ndipo nduna ndiyo idzauza Amfumu. Wina aliyense amene ali ndi mlandu wa malire a munda, chonde, tsiku limeneli si lake. Bwalo la milandu lili ndi masiku ake.

Pali cholakwa china chimene ndimachiona kawirikawiri. Mu mpingo muno muli Achewa, Angoni, Ansenga ndi Atumbuka, ndipo malonje athu si amodzi. "Yooo Gawa" ndi wa Kalonga Gawa Undi, monga mumamvera ku Mkaika pa Kulamba mu Ogasiti, pamene mafumu a Achewa ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amabwera kudzalamba. "Bayete" ndi wa Angoni, amene mumaumva ku Mtenguleni pa Nc'wala mu Febuluwale, pamaso pa Nkosi ya Makosi Mpezeni. Kufuulira mfumu malonje a mpando wa wina sikuilemekeza, ndi kuiika pa mavuto. Ngati simukudziwa, ombani m'manja mwakachetechete ndipo mverani chimene nduna iyambitse.

Achinyamata, za mafoni. Komiti yasankha munthu mmodzi wojambula, ndipo wapempha kale chilolezo. Ena nonse mafoni m'thumba. Kujambula selfie kumafuna kuti ufulatire munthu, umuimirire pafupi, mutu wako uli pamwamba pa wake. Zonse zitatu ndi zimene mwambo umaletsa. Ndipo chithunzi cha Amfumu ali ndi nthongo ya nsima kukamwa chisapezeke pa WhatsApp kapena pa Facebook chitachokera mu mpingo uno.

Masiku ano mfumu mungakumane nayo mu Shoprite ku Chipata itavala suti, kapena pa mzere ku banki. Sindikuti mugwade pakati pa mashelefu. Vulani chipewa, pindani maondo pang'ono, ombani m'manja mofatsa, apatseni njira. Agogo athu amene maondo anakana kale, khalani pa benchi pomwepo, weramitsani mutu ndi kuomba m'manja. Palibe nduna yanzeru imene ingakuimbeni mlandu.

Malonje onse adzathera panja. Belu likalira n'kulowa m'chalichi, mwambo wa mapemphero sudzaimitsidwa chifukwa cha munthu aliyense. Amfumu adzakhala pa mpando umene tawakonzera kutsogolo, ndipo popemphera adzaweramitsa mutu monga ife tonse. Ndinakambirana nawo zimenezi pamene tinapita kukawaitana, ndipo sanavute. Anangopempha kuti kwaya ya amayi idzaimbe nyimbo ziwiri m'malo mwa imodzi.