Mowa ndi Mphamvu za Mnyamata: Mau Oyankhulidwa pa Tsiku la Idi



Olemekezeka ma Sheikh, a komiti ya mzikiti, makolo, abale ndi alongo anga m'Chisilamu, tiyamike Allah (S.W.T.) amene watifikitsa pa Idi ino titatha kusala mwezi wa Ramadhan. Masana ano anyamata athu akakhala ku bwalo la mpira, choncho mundilole ndiyankhule nawo pang'ono.

Ana anga, pali bodza limene limamveka m'mabwalo, kaya pa Migowi kaya pa Chiringa, lakuti katoti ka kachasu kamachotsa mantha ndi kutopa. Ine ndinaphunzitsapo mnyamata wina ku madrasa, goloboyi wodalirika zedi. Anzake atamuzoloweza katotiko, mipira imene kale ankaigwira mosavuta inayamba kumudutsa m'manja. Lero sasewera, ndipo mayi ake akadandaulabe.

Chinachitika n'chiyani? Mowa umachedwetsa uthenga wochoka ku ubongo kupita ku manja ndi miyendo. Diso limaona mpira, koma thupi limanyamuka mochedwa. Kutopa sikuchoka ai, munthu amangoleka kukumva, ndipo akhoza kuthamangira mwendo wovulala osadziwa. Chachiwiri, mowa umakodzetsa pafupipafupi. Wosewera watuluka kale thukuta padzuwa la kuno ku Phalombe, ndiye akatayanso madzi ena, magazi sayenda bwino. Chachitatu, chiwindi chimene chimatumiza shuga m'magazi pothamanga chimatanganidwa ndi kuchotsa mowa, ndipo botolo limodzi lokha chimalimbana nalo kwa ola lathunthu kapena kupitirira. Usiku tulo sitikhala tabwino, minofu yotopa ija sichira msanga.

Taganizani za mpikisano wa Porters Race pa phiri lathu la Mulanje, woyambira pa Likhubula, mtunda woposa makilomita 20 wokwera ndi kutsika m'miyala. Kodi wogona ku kachasu angaumalize? Ngakhale luso lalikulu silipulumutsa munthu. George Best, katswiri wa Manchester United, mowa unamuwonongera chiwindi mpaka anamuika china mu 2002, ndipo anamwalira mu 2005 ali ndi zaka 59.

Kuno kwathu boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015 litaona kuti ukutha achinyamata. Koma ife Asilamu tinaletsedwa kalekale mu Surat Al-Maidah, pakuti thupi ndi nzeru ndi amana imene tidzafunsidwa pa Tsiku la Chiweruzo.

Makolo anzanga, timu ikapambana tisasiye anawa apite kukasangalala kumene sitikudziwa. Tiwakonzere thobwa lotsekemera, nthochi, mpunga ndi madzi abwino. Nanunso anyamata, mwatha mwezi wathunthu mukudziletsa ngakhale madzi amene ali halali. Nanga chakumwa cha haramu chingakukanikeni bwanji kuchikana? Mnzanu akakupatsirani botolo, muuzeni mwaulemu kuti miyendo yanga ndikuifunabe.

Allah alandire kusala kwathu, ndipo asunge ana athu ndi thanzi. Amin.

Eid Mubarak kwa nonse. Wassalamu Alaikum.