Khasu Lobwereka pa Ntchito ya Blockchain

Madzulo ano tikamba za amisiri amene amamanga mapulogalamu a pa kompyuta otchedwa a blockchain, makamaka za zida zobwereka zimene amamangira.

Tiyambe ndi kumasulira mawu aŵiri. Blockchain ndi kaundula wa ndalama ndi mapangano, amene makope ake amasungidwa m'makompyuta zikwizikwi nthaŵi imodzi. Tsamba lililonse latsopano limamangirizidwa ku tsamba lapitalo ndi chidindo cha masamu, kotero kuti wina akafufuta mzere wakale, makompyuta enawo amaona kuti zidindo zasemphana ndipo amakana. Kaundula woyamba wotere ndi wa Bitcoin, amene anayamba kugwira ntchito mu Januwale 2009. Wa Ethereum anabwera mu 2015, ndipo iye amalola anthu kulembamo timapulogalamu timene timasunga ndalama ndi kuzilipira tokha zopanganazo zikakwanira.

Mawu achiŵiri ndi laibulale. Kwa ife laibulale ndi nyumba ya mabuku, koma kwa amisiri aŵa ndi mtolo wa malangizo a kompyuta amene munthu wina analemba kale kuti azigwira ntchito imodzi. Kalipentala sasula yekha misomali. Amaigula kwa odziŵa kusula, iye n'kulimbikira pa mpando umene akukhoma. Malaibulale ambiri a blockchain ndi aulere, ndipo eni ake anaika poyera zonse zimene analemba kuti aliyense aŵerenge, agwiritse ntchito, ngakhale kukonza. Mchitidwe umenewu pa Chingerezi amautcha open source.

Mitolo imeneyi imapezeka pa intaneti, makamaka m'nkhokwe ziŵiri zotchedwa GitHub ndi npm. Wofuna kulemba pangano la pa Ethereum m'chinenero cha Solidity kaŵirikaŵiri amayambira pa laibulale ya OpenZeppelin Contracts. Wofuna kuti pulogalamu yake izilankhula ndi kaundulayo amatenga ethers.js. Nayo pulogalamu ya Bitcoin Core, kuyambira mu 2016, imatsimikiza siginecha za eni ndalama pogwiritsa ntchito laibulale yotchedwa libsecp256k1.

Nanga n'chifukwa chiyani mmisiri wanzeru amabwereka m'malo molemba zonse yekha? Chifukwa chake n'chakuti kulakwa kwa pa blockchain kumadya ndalama za anthu, ndipo kubweza n'kovuta. Mu Juni 2016, thumba la ndalama lotchedwa The DAO linaberedwa ndalama za ether pafupifupi 3.6 miliyoni. Pulogalamu yake inali kulipira munthu isanalembe m'kaundula kuti yamulipira, choncho wakubayo anangobwereza kupempha, nayo inangobwereza kupereka. Lero laibulale ya OpenZeppelin ili ndi kachida kakang'ono kotsekera khomo lomwelo, ndipo maso a anthu ambiri akhala akukayang'anitsitsa. Woyamba kumene ntchitoyi akanyoza chida chotere n'kupanga chakechake, akuika ndalama za anzake pa mlatho umene sunayesedwepo.

Komabe makolo athu anati khasu lobwereka silikhala kuthyoka. Mu Novembala 2017, zikwama za ndalama zoposa 500 za mtundu wa Parity zinali kudalira laibulale imodzi yoikidwa pa Ethereum. Munthu wina anapeza kuti laibulaleyo inalibe mwini wolembedwa, anadzilemba yekha umwini, kenaka anaifafaniza. Nthaŵi yomweyo ether oposa 500,000 anatsekeredwa, eni ake osathanso kutulutsa. Palibe anaba kanthu, koma onse otunga pa chitsime chimodzicho anasoŵa madzi tsiku limodzi.

Chaka chotsatira, mu 2018, kunachitika zina. Wosamalira laibulale yotchuka ya event-stream anatopa nayo ntchito yosalipidwayo, ndipo anaipereka kwa mlendo amene anadzipereka kuthandiza. Mlendoyo anabisamo malangizo obera makiyi achinsinsi a anthu ogwiritsa ntchito chikwama cha Bitcoin chotchedwa Copay. Zolembazo zinali poyera, koma panapita masabata anthu asanazindikire, pakuti aliyense anaganiza kuti mnzake waŵerenga kale.

Tsono wobwereka achite chiyani? Poyamba afunse za mwini khasu. Ndani akusamalira laibulaleyo, ndipo anaikonza liti komaliza? Funso limeneli n'lofunika ngakhale pa maina otchuka: web3.js inatumikira amisiri a Ethereum zaka zambiri, koma mu 2025 oisamalira analeka kuikonza, ndipo woidalirabe lero ali yekha. Afunsenso ngati akatswiri apadera anaifufuza zolakwika, ndipo aŵerenge lipoti lawo ndi maso ake.

Chachiŵiri, aŵerenge chilolezo. Chaulere sichitanthauza chopanda lamulo. Chilolezo cha MIT, chimene Bitcoin Core ndi OpenZeppelin Contracts amagwiritsa ntchito, chimalola munthu ngakhale kugulitsa zimene wamanga, bola asachotse chidziŵitso cha eni ake. Cha GPL chimati wogaŵira ena pulogalamu yomangidwa pa icho aikenso poyera zolemba zake pa chilolezo chomwecho. Wochita malonda adziŵe kusiyana kumeneku asanayambe ntchito.

Chachitatu, alembe nambala ya mtundu wa laibulale umene wauyesa, ndipo alamule kompyuta kuti isatenge watsopano payokha. Mu Disembala 2024, akuba analoŵetsa malangizo oipa m'mitundu iŵiri yatsopano ya laibulale ya Solana pa npm. Amene anamangirira pa nambala yakale sanakhudzidwe. Ayang'anitsitsenso kalembedwe ka dzina, chifukwa akuba amaika mitolo ya maina osiyana ndi enieniwo pa chilembo chimodzi chokha. Pomaliza ayese ntchito yake pa kaundula woyeserera, monga Sepolia wa Ethereum, kumene ndalama zake n'zoseŵeretsa chabe.

Kwa inu omvera amene simulemba mapulogalamu, nkhaniyi ikukukhudzaninso. Wina akadza kwa inu nati ikani ndalama zanu muno, pakuti zolemba zathu zili poyera, mufunseni kuti waziŵerenga ndani, ndipo zikathyoka adzayankha ndani. Safunsa anadya phula.

Ndipo inu amisiri achinyamata, mukapeza mng'alu pa khasu lobwereka, uzani eni ake mwakachetechete kuti akonze akuba asanadziŵe. Ambiri mwa anthu osamalira malaibulale ameneŵa amagwira ntchitoyo popanda malipiro, ndipo kubweza khasu lili lonoledwa ndiko kuthokoza kwake.