Njovu, Sitima ndi Odula Nkhuni

Pa chikondwerero cha zaka 50 za mpingo wathu ndikupempha kuti tiyang'ane pamodzi chithunzi china chakale. Anachijambula ndi utoto Thomas Baines mu 1859, nthawi ya ulendo wa David Livingstone wa mu Zambezi. Chimaonetsa njovu ili m'madzi osaya a mtsinje wa Shire, chitamba chili m'mwamba, anthu a m'sitima yotchedwa Ma Robert akuiwombera.

Wina akachiona anganene kuti ndi chithunzi cha amuna olimba mtima. Ine chimandilemetsa mtima. Njovuyo ili kwawo, owomberawo ndi alendo. Komanso sitima yomweyo ndi imene inkanyamula Livingstone, munthu amene timamukumbukira chifukwa cha Uthenga Wabwino ndi kudana ndi malonda a akapolo. Baibulo ndi mfuti zinakwera sitima imodzi.

Ife a kuno ku Chipata nkhaniyi si yachilendo. Mu Febuluwale 1898 asilikali a azungu, atagonjetsa Angoni a Mpezeni, anapha mwana wake Nsingo. Pa 5 Julayi 1899 amishoni a Dutch Reformed anafika pa Magwero. Makolo athu anamva Mawu misozi isanaume, komabe anatha kusiyanitsa Yesu ndi mfuti. Chikhulupiriro chotere si chamasewera ayi.

Tsopano taonani utsi wa sitimayo. Ma Robert inali yolusa pa nkhuni, moti kudula nkhunizo kunkadya nthawi yaitali kuposa ulendo weniweniwo. Odulawo anali anthu akuda ngati ife. Utsi wa thukuta lawo ukuoneka, koma dzina la chithunzi limatchula njovu, mtsinje ndi sitima basi.

M'kabuku kano muona nkhope za abusa, yanganso ilimo, nditavala jekete lopanda fumbi. Amene anaponda dothi la njerwa za tchalitchi chino mulibe. Amayi amene anasenza madzi kuchokera kudambo, ndi anyamata amene anagona panja kusonkhezera moto wa uvuni, mulibenso, ndipo ambiri a iwo anatsogola kale. Alembi a mpingo akhala pakhomo ndi buku tikamatuluka. Amene mukukumbukira dzina la mmodzi wa iwo, ngakhale dzina la mwana lomwe tinkawaitanira, mupite mukalembetse musanapite kukadya nsima.